A Chikhalire ndi Wotchi Yosafuna Batire

Dzina loti Chikhalire sanabadwe nalo. Anawapatsa ndi madalaivala a malole pa fakitale ya matiresi pamene ankagwira ntchito ya ulonda wa masana. Dalaivala ankati akatuluka m'mawa n'kuwasiya pampando, pobwera madzulo ankawapeza pampando pomwepo, mwendo womwe uja uli pamwamba pa unzake. Iwo dzinalo sanalikane. Kukana dzina kumafuna kuimirira, ndipo a Chikhalire sankaimirira pa nkhani zachabechabe.

Mayi awo ankanena kuti zinayambira m'mimba. Mwana anapitirira masiku ake mpaka anamwino anachita kumutulutsa ngati munthu wa lendi wokana kusamuka. Kusukulu anasankha kukhala goloboyi wa timu yamphamvu, moti masewera ambiri ankatha iwo atatsamira golo, akutafuna udzu. Atakula anayesa kuthandiza amisiri omanga nyumba, koma njerwa zinali zolemera. Anayesa kugulitsa nsapato mumsewu, koma ogula ankafuna munthu wowathamangira. Ngakhale banja anachita kufunsiridwa. Mtsikana wina wosita zovala pa malo ochapira a m'tauni, atatopa kudikira kuti mnyamata wofatsa uja atsegule pakamwa, anangomuuza tsiku lina kuti, "Inu, mundikwatira kapena ndizipita?" Iwo anaona kuti kuvomera n'kwachidule kuposa kufotokoza, ndipo anavomera.

Koma tisawanamizire. A Chikhalire sanabepo ngakhale pilo pa fakitale ija. Sanakalipirepo mkazi wawo kapena mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, amene anakula n'kukwatiwa kutsidya lina la tauni. Munthu wa mavuto ankatha kukhala nawo m'kanyumba ka pageti n'kukhuthula zonse za kukhosi, iwo akungogwedeza mutu, ndipo ankachoka atapepukidwa. Geti lenilenilo linali lamagetsi, lotsegula ndi batani limene linali pafupi ndi chala chawo chakumanja. Pa zinthu ziwiri zokha ndi pamene sanachedwepo chiyambire ntchito: nthawi ya tiyi ndi nthawi yoweruka.

Mavuto anabwera ndi bwana watsopano, mnyamata wowonda woyenda ngati wasiya mkaka pamoto. Tsiku lina lole yodzaza matiresi inaima pageti ikuliza hutala, a Chikhalire ali kalikiliki kuonera pafoni kanema wa mbuzi imene inalowa m'tchalitchi. Bwanayo anatsika yekha ku ofesi kudzadina batani. Mawa lake kunatuluka lamulo loti mafoni onse a alonda azisiyidwa ku ofesi.

Za mbuzi a Chikhalire sanadandaule kwambiri. Chimene chinawasowetsa mtendere n'choti tsopano analibe chowauza nthawi. Wotchi yapakhoma ya m'kanyumba kaja inafa kalekale, batire litavundira momwemo. Ndipo mabatire iwo anali nawo chidani chakale. Ali mnyamata anali ndi wotchi yapamkono ya batire, ndipo tsiku lina inaima masana osawauza, iwo n'kupitiriza kugwira ntchito anzawo onse ataweruka. Kugwira ntchito yaulere chifukwa cha kachitsulo kochepa ngati m'bulu wa mankhwala! Nkhani imeneyo sanaikhululuke.

"Ndikufuna wotchi, Mayi," anauza akazi awo madzulo ake, "koma yopanda batire. Zija zakale zoti chekecheke."

Mayiwo anali akupinda zovala. Sanatembenuke n'komwe.

"Gulani. Koma isapose mtengo wa nsapato zabwino. Ikaposa, muzidzaphika yomweyo."

Loweruka anapita m'tauni limodzi ndi alamu awo, mchimwene wa akazi awo, kondakitala wa basi amene ankadziwa chilichonse padziko pano kupatula kukhala chete. Asanafike n'komwe pa msika anakumana ndi mkulu wina wovala jekete lalitali kunja kukutentha. Atatsegula jeketelo, m'kati monse munali mawotchi okhaokha, ong'anima ngati mano a munthu wolemera.

Alamu aja anatola yaikulu kuposa zonse, yagolide, yokhala ndi timawotchi tina titatu m'kati mwake.

"Alamu, iyi ndiye yake! Mukavala iyi, bwana wanu uja ndi amene azikutsegulirani geti."

A Chikhalire anaiika m'manja. Inali yokongoladi. Koma iwo anali munthu wodziwa kuyang'ana chinthu kwa nthawi yaitali, pakuti ndiyo inali ntchito yawo, ndipo atayang'anitsitsa anaona kuti timivi ta timawotchi tating'onoto sitinkayenda. Tinali tongomata. Anaiika kukhutu, osamva kanthu. Atakanda pang'ono lamba wake ndi chikhadabo, golide uja anatsalira m'chikhadabomo.

"Ili ndi batire?"

"Batire lake ndi la moyo wonse, bwana," anatero wa jekete.

"Moyo wa ndani?"

Wa jekete anatseka jekete lake n'kupitirira.

Kenako alamu anawakokera m'sitolo yaikulu ya magalasi, mozizira ngati mosungira maliro. Mtsikana wogulitsa anayamba wayang'ana nsapato zawo asanayang'ane nkhope zawo. A Chikhalire analoza wotchi ina yosaoneka bwino kwenikweni, poganiza kuti imeneyo ingakhale yotsika. Mtsikanayo atatchula mtengo, alamu anafunsa ngati akupereka limodzi ndi njinga yamoto. Mtsikanayo sanaseke. Anatuluka mwaulemu, a Chikhalire akudandaula chabe kuti asiya mpweya wozizira uja.

Dzuwa litafika pamutu, miyendo ya a Chikhalire itayamba kulankhula, anapeza kamalo kena pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa wodula makiyi ndi wosoka zikwama. Munali mayi wina wamkulu thupi, wa imvi za apa ndi apo, atavala kagalasi kokulitsa zinthu pa diso limodzi. Patebulo pake panali timasikuluu, tizipanizo ndi mawotchi otsegulidwa mimba. Chimene a Chikhalire anaona choyamba chinali benchi, ndipo anakhalapo asanapereke moni.

Mayi wa mawotchi uja anamvetsera zofuna zawo, anafunsa za m'thumba mwawo mosapita m'mbali, kenako anayala kansalu n'kuikapo mawotchi atatu.

Yoyamba inali yatsopano, yoonetsa matumbo ake onse kudzera pagalasi. "Iyi ndi ya achinyamata," anatero. "Imayenda bwino miyezi ingapo, kenako imayamba kunama. Ikafa musabwere nayo kuno, zipangizo zake sizipezeka."

Yachiwiri inali yakale, yopyapyala, nkhope yake itachita chikasu. "Iyi ndi nkhalamba yokhulupirika. Koma m'mawa uliwonse muzipukusa kachitsulo ka m'mbali aka mpaka kalimbe. Mukaiwala, nayonso imakuiwalani."

"M'mawa uliwonse?" anafunsa a Chikhalire. "Ngakhale Lamlungu?"

"Ngakhale tsiku la maliro anu, ngati mukufuna idzakuperekezeni ikuyenda."

A Chikhalire anaikankhira kumbali. Iwo anabwera kudzagula wotchi, osati kudzafunsira ntchito yachiwiri.

Yachitatu inali yachitsulo, yonenepa pang'ono, nkhope yakuda, mivi yoyera yooneka bwino. Inali itavalidwapo ndi munthu wina, ndipo galasi lake linali ndi kachipsera m'mbali. Mayi uja anatsegula kumbuyo kwake n'kuwaonetsa kachitsulo kooneka ngati mwezi wogamphuka, kamene kankazungulira kokha wotchiyo ikapendekeka.

"Iyi siifuna batire, siifunanso kupukusa. Mukangoivala, imadzidyetsa yokha pamkono panupo."

Mayiyo anapitiriza kulankhula zina zokhudza kachitsulo kaja ndi sipuling'i imene kamakunga, koma a Chikhalire sanamvenso. Mawu oti "imadzidyetsa yokha" anali atawalowa mpaka m'mafupa. Anaiika kukhutu n'kumva kakuti chekechekecheke, mofulumira ngati mtima wa mwanapiye. Anaona ngati apeza m'bale wawo.

Mtengo wake unaposa nsapato zabwino ndi masokosi omwe. Alamu anayamba kunenerera mokweza mpaka wodula makiyi anazimitsa makina ake kuti amvetsere. Mayi uja sanasunthike. Pomaliza anachotsa lamba wachitsulo uja n'kuikapo wachikopa wamba, ndipo mtengo unatsikira pa malire a akazi awo ndendende. A Chikhalire anabwerera kunyumba mkono wamanzere uli patsogolo ngati wathyoka.

Lolemba anafika kuntchito atapinda malaya mpaka m'zigongono. Dalaivala aliyense wodutsa anauzidwa nthawi asanafunse. Tiyi anamwa pa nthawi yake, anaweruka pa nthawi yake. Koma sabata isanathe, tsiku lina anayang'ana pamkono n'kuona kuti tiyi akadali kutali. Anadikira. Anayang'ananso, tiyi akadali kutali komweko. Kenako anaona mayi wophika tiyi akudutsa ndi makapu otsuka kale.

Wotchi inali itaima.

Anaigogoda ndi chala, inayenda pang'ono, n'kuimanso. Mawa lake chimodzimodzi. Loweruka linalo anabwerera pansi pa masitepe paja okha, atakwiya mmene munthu wofatsa angakwiyire, kutanthauza kuti anakhala pabenchi osapereka moni mwadala.

"Mayi, mwandigulitsa mtembo."

Mayi uja anailandira, anaigwedeza kangapo m'manja, ndipo inayamba kuyenda. Anaitsegula, anasuzumira ndi kagalasi kake, anaitseka.

"Mumaivala tsiku lililonse?"

"Ndimagona nayo."

"Mumagwira ntchito yanji, bambo?"

"Ndine wachitetezo."

"Ndiye kuti mumazungulira mpanda?"

"Mpanda uli ndi waya wamagetsi. Ndizungulire chifukwa chiyani?"

"Geti mumakankha?"

"Lili ndi batani."

"Mumadina ndi dzanja liti?"

A Chikhalire anakweza lamanja. Mayiyo anayang'ana lamanzere, limene linali litagona pabondo ngati nsomba yofa. Anachotsa kagalasi kaja padiso, chinthu chimene ankachita mwa apo ndi apo, n'kuwayang'ana ndi maso onse awiri.

"Bambo, ndakonza mawotchi kuyambira ndili mtsikana. Ndaonapo yogwera m'chitsime, yopondedwa ndi lole, ina inamezedwa ndi galu. Koma wotchi yofa ndi njala ili pamkono pa munthu wamoyo ndaiona lero. Ndinakuuzani kuti imadya pamene mkono ukuyenda. Wotchiyi ili bwinobwino. Wodwala ndi mwini wake."

Wodula makiyi anaseka mpaka anagwetsa kiyi wa kasitomala. Mayiyo anati ndalama sabweza, koma akhoza kuwasinthira ndi yopukusa ija. A Chikhalire anakana. Kubwerera kunyumba ndi wotchi ina kukanafuna kufotokozera akazi awo chifukwa chake, ndipo chifukwacho sichinali chokoma kuchitchula.

Komabe akazi awo anamva, pakuti wodula makiyi uja ankakwera basi ya alamu.

"Bweretsani kuno," anatero mayiwo, akupukuta misozi ya kuseka. "Ndikaidyetse kuntchito."

Anaivala tsiku limodzi lokha akusita malaya ndi mabulangete a anthu, ndipo wotchi inakhuta moti inayenda mpaka mkuja osapuma. Zikanatha bwino, koma mayiwo anayamba kuikonda. Anayamba kudziwa kuti amuna awo amatha nthawi yaitali bwanji kubafa, ndi kuti "ndikubwera pompano" wawo amatalika motani. A Chikhalire anaona kuti wotchi yawo yomwe yasanduka mboni ya boma, ndipo anailanda.

Nzeru ina inawabwerera ali pampando, kumene nzeru zawo zonse zinkawapeza. M'kanyumba ka pageti munali fani yapatebulo, ija yotembenuza mutu uku ndi uku ngati munthu wokana mlandu. Anavula chingwe cha nsapato, anamangirira wotchi kumbuyo kwa mutu wa faniyo molendewera, n'kuyatsa. Fani ikatembenuka, wotchi inkapendekeka, kachitsulo kaja n'kuzungulira. Zinatheka! Kwa milungu ingapo a Chikhalire anali munthu wokondwa kwambiri pa fakitale yonse. M'mawa fani inkavala wotchi, masana iwo ankaivala, ndipo aliyense ankagwira ntchito imene Mulungu anamulengera.

Kenako m'mawa wina bwana wowonda uja analowa m'kanyumbamo osagogoda. Anaima. Anayang'ana fani ikugwedeza mutu, wotchi ikulendewera pakhosi pake. Anayang'ana nsapato ya a Chikhalire yopanda chingwe.

"Madala, ichi n'chiyani?"

"Ikudya, bwana."

"Ikudya?"

A Chikhalire anafotokoza zonse moona mtima, chifukwa bodza limafuna kulikumbukira ndipo kukumbukira ndi ntchito. Bwanayo anamvetsera mpaka kumapeto, milomo ikunjenjemera.

"Ndiye pa awirinu, inu ndi faniyi, amene ndiyenera kumamulipira ndi ndani?"

Sanawachotse ntchito. Anangozula fani n'kupita nayo ku ofesi, ndipo akuti atafika kumeneko anatseka chitseko n'kuseka mpaka mlembi wake anaganiza zoitana dokotala. Inali nyengo yotentha. A Chikhalire anatsala ndi thukuta ndi wotchi yoima.

Sanasiye kuivala. Kuigwedeza dala ankayesa, koma ankatopa wotchi isanakhute. Choncho inangokhala pamkono ngati chibangili. Munthu akafunsa nthawi, ankayang'ana pamkono mwaulemu, kenako n'kuba diso kuyang'ana mthunzi wa geti, n'kuyankha molimba mtima. Madalaivala ankadziwa, ndipo ankafunsa dala.

Chaka chomwecho mwana wawo uja anabereka mwana wamwamuna. Mkamwini wawo, wokonza mawaya a magetsi, anatumizidwa kukagwira ntchito kutali kwa miyezi ingapo, ndiye mtsikanayo anabwera kudzakhala kwa makolo ake ndi khandalo. Khanda lake linali lolira. Linkayamba dzuwa likamapendeka, kulira kofiira nkhope, kokunga timiyendo. Mayi ake ankazungulira nalo nyumba. Agogo ake aakazi ankaliimbira, kulibereka, kulivinitsa. Alamu anabwera n'kunena kuti mwanayo akufuna kukwezedwa basi. Palibe chinathandiza.

Madzulo ena mtsikanayo, maso ali psuu ndi kutopa, anangofika pamene bambo ake anakhala pakhonde n'kuwaika mwanayo pachifuwa.

"Adadi, tangomugwirani. Ndikasambe, apo ayi ndipenga."

A Chikhalire sananyamuke, sanaimbe, sanachite chilichonse mwa zimene anthu achangu amachita. Anangomugoneka mwanayo paphewa lamanja, n'kuyamba kumusisita ndi kumuphaphatiza kumsana ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, osafulumira, osasiya. Mwanayo analira, analira, kenako anageya ngati munthu wamkulu wochokera ku mowa, n'kugona. Mtsikanayo potuluka kubafa anapeza nyumba ili zii, anachita mantha, n'kuthamangira pakhonde.

Kuyambira tsiku limenelo inakhala ntchito yawo. Akaweruka, asanavule n'komwe yunifolomu, ankapatsidwa mdzukulu. Akasiya kuphaphatiza, mwanayo ankatsegula diso limodzi ngati kapitawo, iwo n'kuyambiranso. Akazi awo ankati m'zaka zonse za banja lawo aka kanali koyamba kuona kufatsa kwa amuna awo kukubala chipatso.

Za wotchi zinadziwika chifukwa cha dalaivala wina. Anafunsa nthawi mwachipongwe monga mwa masiku onse, a Chikhalire n'kuyang'ana pamkono monga mwa masiku onse, koma asanabe diso kuyang'ana mthunzi anaona kamuvi kakang'ono kakuthamanga. Anaiika kukhutu. Chekechekecheke. Anaitchera bwino pomvera wailesi ya m'lole ya dalaivalayo, ndipo sinaimenso. Inkayenda usana, inkayenda mpaka m'mawa. Anayamba kudziwa nthawi imene mdzukulu amayamwa, imene amagona, imene amaipitsa thewera, ndipo ankalengeza zonsezi pageti kwa anthu amene sanafunse. Mwanayo atayamba kumera mano anatafuna lamba wachikopa uja mpaka anafewa ngati chingamu, koma a Chikhalire anakana kumusintha.

Mkamwini atabwerako ku ntchito yake, anadzatenga banja lake. Nyumba inakhala yaikulu mwadzidzidzi. A Chikhalire ankaweruka n'kukhala pakhonde pomwe paja, manja onse ali pamaondo. Patangopita masiku ochepa wotchi inaima, ndipo sanaigogode n'komwe. Chakudya ankangochitola pamwamba. Akazi awo ankaona zonsezi.

Loweruka m'mawa mayiwo anadzidzimuka kumva phokoso la burashi. Anasuzumira panja n'kupeza amuna awo akupolisha nsapato, atavala kale malaya opitira kutchalitchi. Kwa mwana wawo kunali kokwera mabasi awiri, kenako n'kuyenda wapansi mtunda wokwera ndithu.

"Inu, kwagwanji? Mukupita kuti m'mawa uno?"

"Ndikukadyetsa wotchi."

"Wotchi?"

"Eya. Yafa ndi njala."

Mayiwo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachikwama ka zovala za mwana zimene anasita dzulo lake. "Popeza wotchiyo ili ndi miyendo, mukaipatse izi. Zinatsalira pachingwe."

Anafika thukuta lili kamukamu, akupuma ngati lole yokwera phiri. Mkamwini anawatsegulira chitseko modabwa, poti apongozi akewo anali asanapondepo pakhomopo. A Chikhalire anapempha madzi ndi mpando, analandira mdzukulu wawo, n'kumugoneka paphewa. Koma mwanayo anali atayamba kukwawa, ndipo sanafune zogonekedwa. Anaphiriphitha, anatsetsereka, n'kulunjika kumene kunali mphaka.

A Chikhalire anamuyang'ana akupita. Kenako anatembenukira kwa mkamwini wawo, n'kutsitsa mawu kuti mwana wawo asamve ali kukhitchini.

"Akamwini, sindikufuna kulowerera za m'nyumba mwanu. Koma uyu wakula. Wachiwiri mukuganiza liti?"

"Adadi, ndakumvani!" anakuwa mtsikana uja kukhitchiniko. "Mukafuna khanda kabereni kuchipatala. Ndipo tamugwirani uyo, akudya mchira wa mphaka!"

Mkamwini anali atagwira kapu ya madzi ndi manja onse awiri, ndipo sanaonetse zoti asuntha. A Chikhalire anausa moyo, anagwira m'mawondo, n'kuimirira.